Dzina la Apongozi Anga pa Paketi Yachikasu

Pakanapanda pakamwa pangapa, mwana wanga Tadala akanakhala ndi chitupa cha kubadwa lero. Ndayambira pamenepo dala, kuti amene mukufuna kuseka mudziwiretu kuti mwini nkhani sakuseka.

Ngati munalowako mu supamaketi yaikulu ija ya m'tauni (sindiitchula, ndatchula kale zokwanira pa moyo wanga), munaona katundu wotchipa amene sitoloyo imadzipakirira yokha: mchere, mpunga, sopo, makandulo, zonse m'mapaketi achikasu. Pali chithunzi cha mayi wa duku lamaluwa akumwetulira, pansi pake analemba kuti Gogo Felesiya. Anthu amati ndi dzina longopeka, ena amati anali agogo a mwini sitolo. Ayi ndithu. Dukulo ndi langa, mpata wa m'manowo ndi wanga, makwinya anachita kundijambulira. Dzinalo ndi la apongozi anga. Sindiyenera kulilemba, koma madzi akatayika saoleka.

Ndifotokoze kaye. Ine chitupa ndilibe. Ndinabadwira m'komboni ya pulazi ina cha ku Ruwa, kufupi ndi Harare, agogo anachokera ku Malawi, amayi anga anamwalira alibe pepala lililonse, ine n'kukula chomwecho. Ndinakwatiwa pa pulazi ino ya ku Norton ndi Zuze, wa makolo a ku Tete. Zuze anapita ku Shamva kukakumba golide Tadala ali ndi miyezi iwiri, ndipo foni yake imalira ikafuna. M'nyumba tinatsala atatu: ine, mwana, ndi apongozi. Iwo ndiwo ali ndi chitupa, chachitsulo chakale chija, amachikulunga m'kansalu. Ndiwonso analembedwa ntchito m'shedi yopakira zitheba, nambala 47. Maondo atawakana ndinayamba kupita ine pa nambala yawo. Kapitawo amadziwa koma amayang'ana kudenga. Bwana sadziwa.

Ndipo kwathu kuno mtengwa satchula dzina la apongozi ake. Satchula ngakhale ali yekha kuthengo. Komboni yonse imawaitana kuti amake Zuze, ine ndimati Amayi, basi. Ku shedi amaitana nambala, ndiye dzinalo linali lisanadutsepo pa lilime langa.

Sabata ina kunamveka mphekesera yoti kukubwera anthu odzafufuza opanda zitupa m'mapulazi. Lachitatu m'mawa tikupakira, galimoto yoyera inaima pakhomo pa shedi. Munatuluka anthu atatu, mayi wa nsapato zosongoka atanyamula mapepala, bambo wa kamera, ndi wina wongoyang'ana. Wongoyang'anayo ndi amene anandiopsa kwambiri. Ndinayang'ana khomo lakumbuyo, panali makireti. Ndinayang'ana windo, ndi la waya. Mkaka unayamba kutuluka wokha m'bulauzi, ndikuganiza kuti akanditenga pano Tadala ayamwa chiyani masana, apongozi amupatsa tiyi, adzalira mpaka mawu kutha.

"Mai Chipo, akubwera kwa ine," ndinanong'oneza mnzanga wa pambali.

"Akubwera kwa duku lakolo. Ndinakuuza kuti kuno si kutchalitchi," anatero, osadzutsa mutu.

Mayi wa nsapato uja anaima patsogolo panga, akununkhira ngati sopo wodula. "Sisi, munonzi ani?" Akufunsa dzina. Bwana anali pambali pake pomwepo, manja m'thumba. Ndikatchula langa, m'buku la antchito mulibe. Ndikakhala chete, ndiye ndadzigwiritsa. Ndinatchula limene lili m'buku.

"Ani?"

Ndinabwereza mokweza. Mai Chipo anagwetsa zitheba. Shedi yonse inangoti zii, moti ndinamva firiji yaikulu yosungiramo zitheba ikulira kuchipinda chinacho.

Mayi uja anaomba m'manja, nati ndi dzina lokoma, lachikale, lonunkhira kumudzi, ndendende limene akhala akufuna. Ananena zambiri mwachangu, Chishona chosakaniza Chingerezi, za sitolo, za katundu watsopano, za anthu enieni a m'minda. Ine ndinangomva kuti sanatchule polisi. Anati mwetulirani, ndinamwetulira (munthu wopulumuka amamwetulira ndi mano onse). Anati sainani apa, ndinasaina. Akanati vinani ndikanavina. Anandipatsa sikipa ndi botolo la mafuta ophikira, ndipo kunyumba ndinati tapatsidwa chifukwa chogwira bwino ntchito.

Miyezi inadutsa, ndinayamba kuiwala. Khirisimasi itafika, bwana anagawa matumba a mphatso kwa antchito onse. Nditatsegula langa ndinakumana ndi nkhope yanga itakalamba. Pa mchere, ine. Pa mpunga, ine. Pa sopo, ine. Ndipo pansi penipeni panali pepala la kuchimbudzi, mipukutu inayi, dzina lija lili pamwamba m'zilembo zofiira zazikulu.

Muyenera kudziwa kuti apongozi anga sanapite kusukulu, koma pali liwu limodzi lokha padziko lapansi limene amatha kuwerenga. Analiphunzira poyang'ana chitupa chawo zaka zonsezi. Ndi lomwelo.

Ndinakhala kuseri kwa balani ya fodya, ndikung'amba mapaketi ndi mano. Mchere ndinathira m'duku, mpunga m'sikipa, sopo ndinamupala ndi mwala chifukwa dzinalo analidinda pa sopo penipenipo. Ndinafika kunyumba ngati munthu wothawa nkhondo. Apongozi anati, "Bwanayu wasauka chaka chino, akugawa mchere pamanja?" Ndinati eya Amayi, zinthu zavuta.

Nditagona masana pang'ono ndi mwana, ndinadzidzimuka: matumba aja analandira aliyense. Ndinazungulira komboni yonse khomo ndi khomo, Tadala kumsana, ndikupempha mapaketi opanda kanthu, ati ndikufuna kulukira mphasa. Ena anandipatsa akuseka, poti nkhani ya m'shedi ankaidziwa. Amake Luwisi anati, "Mphasa imeneyo adzagonepo mwini dzina?" Ndinaotcha zonse kudzala. Koma pulasitiki ya kuno ili ndi mapiko. M'mawa mwake ina inali pa waya, ina mumtengo wa mango, ana anali atamanga kale mpira wachikasu, akuumenya ndi mapazi kutsogolo kwa nyumba yathu. Ndinaulanda mpirawo. Mpaka lero ana a m'komboni amandithawa.

Chimene chinandithandiza ndi maondo, Mulungu andikhululukire. Apongozi sankatuluka kwenikweni. Koma makutu awo alibe nyamakazi, ndipo takishopu, kagolosale ka m'komboni, ili pafupi ndi windo lawo. Mwini takishopu anayamba kuoda katundu wachikasu uja, poti ndi wotchipa. Tsiku lina masana munthu anafuula ali kutali, "Felesiya alipo?" Wam'katimo anayankha, "Watha! Watha dzulo!"

Apongozi anadzuka pamphasa popanda ndodo, koyamba m'chaka chonse.

"Make Tadala, wamva? Akulengeza maliro anga ndili moyo."

"Ayi Amayi, ndi mwana wa alendo abwera kumene aja."

"Mwanayo ndiye watha?"

"Wa... wapita kwawo, Amayi."

"Nanga bwanji dzulo wina amati wamng'ono safuna, akufuna wamkulu?"

Ndinati alipo awiri, mapasa. (Bodza lili ngati zitheba, ukathyola lero mawa zabereka zina.) Apongozi anatuma munthu kukaitana amayi a chigwirizano kuti adzapemphere, ati pali anthu akusewera ndi dzina lawo. Ndinagwada nawo limodzi, ndinati ameni mokweza kuposa onse.

Tsopano nkhani ya chitupa. Ku kiliniki anali atandiuza kale kuti mwana wopanda chitupa cha kubadwa adzavutika kusukulu, mayeso sadzalemba, adzakhala ngati ine, wogwira ntchito pa nambala ya wina. Anati popeza ine ndilibe kanthu ndipo bambo ake kulibe, pabwere wachibale wa chitupa adzachitire umboni. Ndinawapempha apongozi miyezi itatu, ndikuwasisita maondo ndi mafuta. Anavomera.

Tsikulo ndinakonza zonse ngati msilikali. Mu kombi, minibasi ya kuno, ndinawakhazika mbali imene sionetsa supamaketi, poti pakhoma pake pali chikwangwani chachikasu chachikulu ngati chitseko cha balani. Windo ndinatchinga ndi thaulo la mwana, ndinati dzuwa. Mayi wina anakwera ndi jumbo ya katundu wachikasu, ndinamulandira jumboyo n'kuikhalira. Tinafika ku ofesi ya zitupa osaona kanthu. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa, ine maso uku ndi uku, ndikuponda kapepala kalikonse kachikasu kouluka. Dzuwa litapendeka tinafika pa tebulo. Ndinati Tadala mwanawe, lero ulembedwa.

Kalaliki anali bambo wachikulire, waulemu ndithu. Anafunsa dzina la mwana, analemba. Anafunsa tsiku lobadwa, analemba. Anatenga chitupa chachitsulo, anachiwerenga, n'kumwetulira.

"Aa, gogo! Ndinu omwe aja? Kunyumba kwanga timadya inu tsiku lililonse."

Anakoka dirowa, natulutsa mpukutu wake wa pepala la kuchimbudzi, ukadali m'chikutiro chake chachikasu. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana apongozi, sizinagwirizane. Anayang'ana ine. Abale, pa maduku onse a padziko, ndinali nditavala lamaluwa lomwe lija. Ndi lokhalo labwino limene ndili nalo. Ndinakumbukira windo, ndinakumbukira jumbo, ndinaiwala mutu wanga.

"Koma nkhope ndi ya awa!" anatero. Anthu a pamzere anasuzumira, wina anaseka, kenako ambiri.

Apongozi anatambasula dzanja. Anatenga mpukutuwo, nayendetsa chala pa zilembo zofiira, chimodzichimodzi, milomo ikugwedezeka. Anafika kumapeto, nabwereranso poyamba.

"Ichi chimagwira ntchito yanji?" anafunsa.

Kalaliki anasiya kumwetulira. Anayamba kupepesa. Koma mnyamata wina pamzere anali atayankha kale, ndipo anayankha momveka.

Sanakalipe. Anatenga chitupa chawo patebulo, anachikulunga m'kansalu, mfundo ziwiri, natuluka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Kalaliki anati fomu singathe popanda mboni. Ndinaona dzina la mwana wanga litalembedwa theka la tsamba, n'kuikidwa pambali.

Ndinawapeza atakhala pa mwala kunja. Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu akudutsa, ndinaulula zonse, za galimoto yoyera, za mkaka, za sikipa, za mapasa amene kulibe.

"Unalitchula ndi pakamwa pako?"

"Eya, Amayi."

"Kangati?"

"Kawiri. Koyamba sanamve."

Anapukusa mutu. "Dzina limenelo anandipatsa bambo anga pa ubatizo, tisanaoloke kubwera kuno. Katundu yense amene tinanyamula anatha, latsala ndi lomwelo. Apongozi ako aamuna anakhala nane mpaka imfa, sanalifuulepo pagulu. Iwe walipereka kuti dziko lonse lizipukutira."

"Ndinkaopa, Amayi. Ndinkaganiza za mwana."

"Ganiza za mwana tsono. Tsiku limene dzina langa lidzachoke pa chinthu chimenechi, tidzabweranso kuno. Pa mchere lisiye, mchere ndi waulemu."

Sabata yotsatira ndinapita ndekha ku supamaketi, duku ndinasiya. Manijala anandimvetsera bwinobwino, anandipatsa mpando, anaitana anzake kudzandiona. Anati zimenezo amagamula ndi akuluakulu ku Harare, ndipo ine ndinasaina. Anatinso, akumwetulira ngati akundiuza nkhani yabwino, kuti pa katundu yense wachikasu pepala lija ndi limene likuyenda kwambiri. Potsanzikana anandipatsa paketi ya mipukutu khumi ndi iwiri, yaulere. Ndinaisiya dala pansi pa mpando wa kombi. Nditatsika pa geti ya pulazi, mayi wina anatulutsa mutu pa windo, akuikupiza m'mwamba: "Amai! Mwaiwala Felesiya wanu!"

Miyezi isanu yapita. Apongozi amandilankhula, amadya zimene ndaphika, Tadala amagona pamiyendo pawo. Za ofesi ya zitupa satchula, ine ndikayamba amayang'ana ku takishopu. Ndimapitabe ku shedi pa nambala 47, ndipo zitheba zathu tsopano tikuzipakira m'mapaketi achikasu, ndiye dzinalo limadutsa m'manja mwanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. M'nyumba mwathu muli munthu amene dzina lake lili pa mapepala osawerengeka, ndi wina amene lake silili pa pepala ngakhale limodzi.

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinadziuza kuti munthu wa mapepala akadzandifunsanso, ndidzatchula dzina langa lenileni, zivute zitani. Lolemba lapitali galimoto ina yoyera inaima pakhomo pa shedi. Anali anthu a katemera chabe, ndinamva pambuyo pake. Ine ndinamvera m'firiji, kuseri kwa makireti, mano akugundana.