Chitsime Chathu Chapalamula

Kwa Bwana Mkulu wa Nthambi Yolondera Madzi a Pansi pa Nthaka,

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo anga anathera ku fakitale ku Msasa. Ndine Yoramu Chisale wa ku Mabvuku, mwamuna wa Mayi Tionenji, amene anyamata anu anawagwira Lolemba pa mlandu wakuba madzi m'chitsime chimene tinakumba tokha kuseri kwa nyumba. Zikomo kwambiri. Chibwerere makolo athu mu Harare muno boma silinkatidziwa, koma lero latidziwa.

Mwana wathu Chantelle akuphunzira za umbanda ku koleji. Iye akuti chinthu chimakhala mlandu pakakhala lamulo lochiletsa, munthu wochichita mwadala, wina wolakwiridwa, komanso umboni. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundiunikire pa izi.

1. Lamulo. Akuti wokumba chitsime azikhala ndi chilolezo. Ndinakwera kombi kukachipempha ku ofesi kwanu, ndinapeza kotseka. Mlonda anandiuza kuti antchito anabalalika chifukwa kuzimbudzi kulibe madzi.

2. Wolakwiridwa. Anyamata anu akuti madzi onse a pansi pa nthaka ndi anu. Ndani ine kuti nditsutse? Ndikungochita manyazi kuti katundu wanu wagona pansi pa nyumba yanga zaka zonsezi, inu osabwera ngakhale kudzamuzonda. Mpopi umene munatipatsa unauma Chantelle asanamere mano, ndipo muli kangaude amene waona zidzukulu. Nditawafunsa anyamatawo ngati mpopi wouma nawo ndi mlandu, anandilangiza mwachifundo kuti umenewo umatchedwa vuto, ndipo vuto silimangitsa munthu.

3. Kuchita mwadala. Apa ndiye tagwidwa, Bwana. Mayi Tionenji avomera kuti ludzu amalimva tsiku ndi tsiku, ndipo alibe maganizo osiya. Chantelle akuti munthu wotere m'mabuku amamutcha kabwerebwere.

4. Umboni. Anyamata anu anatunga ndowa yodzaza kuti akaionetse kukhoti. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Pofika pamene timakwerera makombi, umboni unali utamwedwa wonse. Anabwerera kudzatunga wina. Mpaka lero akubwerabe m'mawa uliwonse ndi zigubu, ndipo mmodzi amabwera ndi akazi ake ndi zovala zochapa. Chibadwire sindinaone mlandu wofufuzidwa mwakhama chotere.

Palinso madzi ena, a m'paipi ya zimbudzi imene inaphulika mumsewu mwathu. Amenewo akuyenda poyera dzuwa likuswa mtengo, ana akuwalumpha popita kusukulu, koma palibe wagwidwa. Ndaphunzirapo kuti madzi amasanduka mlandu pokhapokha akakhala oyera.

Kunena zoona, Bwana, ndili ndi mantha. Chitsimechi ndicho timamwa ife ndi anansi athu onse, ndipo chaka cha kolera, tisanachikumbe, maliro ankasinthana makomo mumsewu uno. Mayi Tionenji anatuluka pa belo, koma chakudya sichikulowa. Munthu wosunga makiyi a tchalitchi, lero ana akumuloza chala kuti ndi mbava.

Ndamva kuti Lachisanu mutumiza antchito kudzatseka chitsimecho ndi simenti, kuti umbanda uthe ku Mabvuku. Nzeru zakuya zimenezo. Kungoti simenti imafuna madzi, ndipo sindikukayika kuti anthu osunga lamulo ngati inu simungasakanize simenti ya boma ndi madzi akuba. Ndiye kuti mubwera ndi madzi anu pa lole.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana, ndipo ndaliika pamapazi anu. Simentiyo isungeni. Tumizani madziwo okha, chitsime tikwirira tokha ndi manja.

Ine kapolo wanu wa kukhosi kouma,
Yoramu Chisale
Mwamuna wa woganiziridwa, Mabvuku