Munthu Amene Ananyamuka Ali Pakhonde

M'mudzi wina wake, umene uli pakati pa phiri ndi msewu wafumbi, munali Komiti Yoona za Maulendo a Mumlengalenga. Komitiyi inakhazikitsidwa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Inali ndi malamulo olembedwa, chidindo, ndiponso belu. Chimene inalibe chinali chimodzi chokha: munthu wa m'mudzimo amene anakwerapo ndege.

Zimenezi sizinkavutitsa aliyense, pakuti mudzi wadongosolo umakonzekera zinthu zisanachitike.

Wapampando Wamuyaya wa komitiyi anali Bambo Gidiyoni Chimphonda, amene ankatchedwanso Katswiri Wamkulu wa Zouluka. Udindowu sanaupeze mwachinyengo. Kalekale anaperekezapo katundu wa mbusa wina wa ku mishoni mpaka ku bwalo la ndege, ndipo anaima pa mpanda wa waya maola awiri akuonerera. Anaona ndege zitatu: ina ikunyamuka, ina ikutera, ina itangokhala. Kuyambira tsiku limenelo, ndege ikadutsa pamwamba pa mudzi, anthu ankayamba ayang'ana Bambo Chimphonda asanayang'ane kumwamba. Iwo ankatchera khutu, n'kunena kuti, "Imeneyo yalemedwa," ndipo anthu ankabwerera ku makasu awo atakhutira.

Mlembi Wamkulu anali Bambo Sitefano Kapalamula. Iwowa ankalemba zonse m'buku lachikuto chakuda, ndi inki yosafufutika.

Chaka chimenecho kunachitika zimene komiti sinkaziyembekezera. Bambo Ezara Mtambalika, mphunzitsi wopuma ntchito, analandira tikiti ya ndege kuchokera kwa mwana wawo Linesi, namwino wogwira ntchito kutsidya kwa nyanja. Linesi anali atabereka mwana wamwamuna, mdzukulu woyamba, ndipo anam'tcha Ezara. Ubatizo unali Lamulungu, ndipo Linesi ananenetsa kuti mwanayo adzanyamulidwa ndi agogo ake, eni dzina, osati munthu wina. Mayi Nangondo, akazi a Bambo Mtambalika, anakana kupita nawo. Anati iwo sangakwere chinthu chimene sichiima panjira.

Ndege inali ya Lachinayi. Mwambo wotsanzikana unachitika Lachiwiri pa siteji ya minibasi, motsatira Lamulo Lachinayi la komiti, limene limati munthu wa ulendo wa pandege amatsanzikidwa kamodzi kokha, ndipo amalandiridwa pa tsiku lolembedwa m'buku. Panalankhula anthu asanu ndi awiri. Kwaya inaimba. Mbuzi yodzalandirira wapaulendo pakatha masabata atatu inaonetsedwa kwa anthu, n'kuyamba kupatsidwa madeya. Minibasi itanyamuka, amayi anakupiza mipango, ndipo Mlembi Wamkulu analemba kuti: "Nthawi ya 10 koloko m'mawa, Bambo Mtambalika anyamuka." Wapampando anadinda.

Minibasi itafika pa boma, foni ya Bambo Mtambalika inalira. Unali uthenga wa kampani ya ndege. Unkati oyendetsa ndege anyanyala ntchito, ulendo wa Lachinayi mwina ulephereka, apaulendo asapite ku bwalo la ndege koma adikire uthenga wina pa foni yomweyo.

Tinene pano mosabisa kuti kunyanyala ntchito ndi khalidwe loipa. Munthu wopatsidwa yunifolomu ndi chipewa, amene amagwira ntchito yake atakhala pa mpando wawofuwofu, alibe chifukwa chodandaulira. Woyendetsa ngolo amapsa ndi dzuwa tsiku lonse, koma sitinamvepo kuti wasiya ng'ombe pamsewu n'kupita kukakambirana.

Bambo Mtambalika anali munthu womvera malangizo. Anawerenga uthengawo kawiri, n'kubwerera pa minibasi yomweyo. Anatsika pa siteji amayi akupindabe mphasa, a kwaya akumwabe thobwa.

Anthu onse anatembenuka. Mayi wina anayamba kuwomba m'manja kuti apereke moni, koma Wapampando analiza belu.

"Pasapezeke wopereka moni!"

Komiti inakhala pansi pomwepo, pa mtengo wa mango wa pafupi ndi siteji.

"A Mlembi, buku likuti chiyani?" anafunsa Wapampando.

"Likuti anyamuka, a Wapampando."

"Tingafufute?"

"Inki yake ndi yosafufutika. Komanso mwadinda kale."

"Ndiye kuti anyamuka."

Bambo Mtambalika anakweza mkono monga ankaphunzitsira ana asukulu. "Pepani a Wapampando, ine ndilipo."

"A Mlembi, mwamva mawu?"

"Ikhala ngati ndi mphepo, a Wapampando."

Bambo Mtambalika anatsitsa mkono pang'onopang'ono. Anakumbukira kuti Lamulo Lachinayi analilemba ndi iwo omwe, pa nthawi imene komiti inkafuna munthu wolemba bwino, ndipo anachita kulidula mzere kunsi.

Chigamulo chinali chanzeru, ndipo mudzi wonse unachiyamikira. Popeza munthuyo anali atanyamuka koma asanafike, khonde la nyumba yake linalengezedwa kuti ndi Malo Odikirira Ndege. Mlembi anazunguliza khondelo ndi mzere wa phulusa. Wapaulendo anayenera kukhala pa mpando, atavala suti ndi tayi, sutikesi ili pambali. Wapampando anawonjezera mfundo zitatu zimene anazimva pa mpanda wa waya paja. Anthu a pandege amamangidwa lamba, choncho Bambo Mtambalika anamangiriridwa ku mpando ndi chitenje. Anthu a pandege amadya pang'ono, choncho chakudya chawo chinali theka la mbatata ndi njere zisanu za mtedza. Chachikulu koposa, anthu a pandege amazimitsa foni.

"Koma a kampani anati ndidikire uthenga pa foni imeneyi," anatero Bambo Mtambalika.

"Mphepo ija yayambanso," anatero Wapampando. Mlembi anazimitsa foniyo n'kuisunga m'thumba la jekete.

Mayi Nangondo anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "A Chimphonda, nanga mwamuna wanga azigona kuti?"

"Mayi, amuna anu ali pa ulendo. Anthu a pandege amagona chokhala."

Lachitatu anthu ankadutsa pa nyumbapo mwaulemu, maso ali kumbali. Ankaima kunja kwa mzere wa phulusa n'kufunsa kuti, "A Nangondo, mwamvako za bambo? Akuyenda bwanji?"

"Afunseni nokha, si awo akuthamangitsa ntchentche apowo?"

"Aa, mayi, musatilakwitse."

Ena ankadandaula kuti mudzi wasungulumwa chichokereni aphunzitsi. Mayi wina wa kwaya analira ndithu, ndipo Bambo Mtambalika anam'ponyera kampango kopukutira misozi. Mayiyo anatola n'kuthokoza Mulungu.

Komiti sinagone pa nkhani ya sitalakayo. Inalemba kalata yolimba yopita "Kwa Oyendetsa Ndege Onse", yowalamula kuti aonekere pa mtengo wa mango Lachinayi nthawi ya 9 koloko, aliyense ndi atsibweni ake, kuti adzafotokoze chimene chawalowa m'mutu. Lachinayi mabenchi anayalidwa. Anthu anadikira mpaka masana. Sipanabwere woyendetsa ndege ngakhale mmodzi, ndipo mwano umenewu unalembedwa m'buku. Kenaka komiti inaganiza zopeza wolowa m'malo mwawo. Inasankha woyendetsa chigayo, popeza Wapampando anatsimikiza kuti injini ziwirizi zimalira mofanana. Wachigayoyo anavomera, koma anapempha kuti ndegeyo aibweretse ku chigayo, chifukwa iye sangasiye matumba a anthu.

Nthawi yonseyi Bambo Mtambalika anali pa mpando. Ankawerenga masiku ndi zala. Ubatizo unali utatsala masiku atatu.

Lachisanu m'mawa kafoni ka Mayi Nangondo kanalira. Anali Linesi.

"Amayi, foni ya ababa bwanji yangozima? A kampani atumiza mauthenga kasanu! Awapezera malo pa ndege ya kampani ina. Ikunyamuka lero madzulo, ndipo ndi yomaliza imene ingawafikitse kuno Lamulungu lisanakwane. Ali kuti ababa?"

"Ali pa ulendo, mwanawe."

"Afika pati?"

"Pakhonde."

Mayi Nangondo anamanga mpango kumutu n'kupita kwa Wapampando. Anafotokoza zonse, n'kunena kuti minibasi imene ingawafikitse pa nthawi yake ndi ya 11 koloko.

Bambo Chimphonda anamvetsera maso ali chotsinzina. Mumtima mwawo munali kanthu kamene sikanalembedwe m'buku: munthu ameneyu akakweradi ndege, adzabwera akudziwa za m'kati mwake, pamene iwo ankadziwa za kunja kwa waya.

"Sizingatheke, mayi. Kuti munthu anyamuke, ayenera kutsanzikidwa. Kuti atsanzikidwe, ayenera kukhalapo. Kuti akhalepo, ayenera kulandiridwa. Tsiku lowalandira silinakwane, ndipo mbuzi sinanenepe."

"Nanga ubatizo?"

"Tiwalembera kalata abusa akumeneko kuti mwanayo adikire."

Mayi Nangondo anabwerera kunyumba, anaponda mzere wa phulusa mwadala, n'kumasula chitenje chija.

"Bambo a Linesi, dzukani."

"Nangondo, lamulo silikulola."

"Lamulo likuti muli kuti?"

"Pa ulendo."

"Ndiye yendanitu. Munaonapo munthu wa pa ulendo akumera mizu?"

"Lamulo limenelo ndinalemba ndine. Ndikaliphwanya ine, ana amene ndinawaphunzitsa adzati chiyani?"

"Nanga Ezara wamng'ono adzati chiyani? Akadzakula n'kuona pa chithunzi atanyamulidwa ndi munthu wachilendo, mudzam'uza kuti agogo ake anatanganidwa ndi kukhala pa mpando?"

Bambo Mtambalika anaimirira, mawondo akulira ngati nkhuni zouma, n'kuwongola tayi. Anagwira m'thumba kuti atsimikize kuti pasipoti ilimo. Mkazi wawo anawapatsa kafoni kawo, n'kusenza sutikesi pamutu.

Njira ya ku siteji inali imodzi yokha, ndipo inkadutsa pa mtengo wa mango, pamene komiti yonse inali itakhala kukambirana za mmene ndege ingafikire ku chigayo. Dzuwa linali likuswa mtengo. Panalibe pobisala.

Wapampando anadzambatuka. "Imani pomwepo! Mukupita kuti inu?"

"Mukuimitsa yani, a Wapampando?" anafunsa Mayi Nangondo mokweza kuti onse amve. "Ine ndikupita ku siteji ndekha ndi sutikesi yanga. Kapena mwaona wina? A Mlembi, tsegulani buku. Lembani kuti lero Lachisanu a Wapampando aona ndi maso awo munthu amene ananyamuka Lachiwiri. Lembaninso kuti chidindo chawo chinanama."

Mlembi Wamkulu, pokhala munthu wokhulupirika pa ntchito, anatsegula buku n'kuvundukula cholembera. Anthu onse anayang'ana Wapampando.

Bambo Chimphonda anayang'ana buku, anayang'ana chidindo chimene chinali pa tebulo, kenaka anakweza maso kumwamba, kumene kunalibe ngakhale khwangwala.

"Imeneyo yalemedwa," anatero.

Anthu onse anayang'ana kumwamba. Pamene ankatsitsa maso, minibasi inali itautsa fumbi.

Bambo Mtambalika anakwera ndege ya kampani inayo. Lamulungu anaima kutsogolo m'tchalitchi atanyamula Ezara wamng'ono, amene anawagwira tayi n'kukana kuisiya mpaka mapemphero anatha. Patatha masabata atatu, pa tsiku lenileni lolembedwa m'buku, anatsika pa siteji ya m'mudzi ndi sutikesi yawo ndi zithunzi zodzaza envelopu.

Anapeza mabenchi atayalidwa, kwaya ikuimba, mbuzi ija ili pa moto. Anavula chipewa n'kuyembekezera kuti awalozere mpando wakutsogolo.

Anawalozera benchi lakumbuyo.

Mlembi Wamkulu anaimirira n'kuwerenga zigamulo ziwiri zimene komiti inapanga iwo kulibe. Choyamba chinali chokhudza oyendetsa ndege, amene anabwerera ku ntchito patangopita sabata imodzi. Komiti inapeza kuti anachita zimenezi poopa kalata ija. N'zoona kuti kalatayo inali idakali m'jekete la Mlembi, pamodzi ndi foni ija, chifukwa palibe ankadziwa keyala yake. Koma zimenezi zinangoonetsa mphamvu ya kalatayo, pakuti inagwira ntchito isanatumizidwe n'komwe. Choncho mbuzi inali yothokozera Wapampando.

Chachiwiri chinali chokhudza Bambo Mtambalika. Lachisanu lija masana, Malo Odikirira Ndege anapezeka opanda munthu, chitenje chili pansi. Wapaulendo wochoka pa malo odikirira popanda chilolezo ndiye kuti wathawa ulendo. Motero ulendo wa Bambo Mtambalika unalephereka, ndipo kumene anakhala masabata atatuwa ndi nkhani ya m'banja mwawo. Zithunzi sizinalandiridwe ngati umboni chifukwa zinalibe chidindo.

Bambo Mtambalika anaimirira n'kulandira chidzudzulocho mwaulemu, chipewa chili m'manja, monga ayenera kuchitira munthu wophunzira. Mayi Nangondo anapitiriza kudya nyama.

Anthu atakhuta, belu linalira, ndipo Katswiri Wamkulu wa Zouluka anaimirira kuti aphunzitse mudzi mmene munthu amakhalira m'ndege. Anafotokoza kuti ndege ikamakwera chitunda, amuna onse amasunthira kutsogolo kuti isabwerere m'mbuyo. Anafotokozanso kuti kukatentha, wokhala kuzenera amapemphedwa kutsegula pang'ono, koma asatulutse chigongono chifukwa cha mbalame.

Kumbuyo kuja mkono unakwera pang'onopang'ono.

"Pepani a Wapampando. Mazenera ake satseguka."

Wapampando anawayang'ana mwachifundo, monga mmene mphunzitsi amayang'anira mwana wobwereza kalasi.

"A Mtambalika, inu munathawa ulendo. Za ndege mungazidziwire kuti?"

Anthu anawomba m'manja. Mlembi analemba, Wapampando anadinda. Mpaka lero mudziwo ukudikirabe munthu wake woyamba kukwera ndege, ndipo komiti yagula kale mbuzi ina.