Tsiku Limene Lameki Anandikweza Pathabwa

Mpaka lero sindikhala pa benchi ya kutchalitchi ndisanayalepo chitenje. Anthu amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi, ndi sayansi. Ndipo mtima sunatsikebe.

Chinali chaka chimene Chilwa inauma, ife a matemba tikungoyang'ana mabwato akung'ambika ndi dzuwa. Sukulu zinali zitangokhala zaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndiye ankangolemba aliyense wodziwa kugwira choko. Mwa olembedwawo munali Lameki. Woonda ngati bango, khosi la kakowa, tayi imodzi yomweyo Lolemba mpaka Lachisanu. Ndiye kameneko nkumafuna mwana wanga Esinati.

Ndinakana. Munthu wosatha kunyamula thumba la mpunga kuchokera kusikimu adzamudyetsa chiyani mwana wanga, choko? Koma za kwathu kuno mukuzidziwa. Bambo wa mwana ndi tambala, ntchito yake kulira m'mawa basi, mwini mbumba ndi malume. Alamu anga anali atavomera kale, mayi ake Esinati chimodzimodzi. Njira inatsala imodzi: mnyamatayo achoke pamudzi pano.

Nditamva kuti kusukulu kukubwera akuluakulu a m'tauni kudzaphunzitsa aphunzitsi kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi, ndinati mwayi ndi umenewu. Ndikawauza amusamutse, amuponye kaya ku Nsanje kaya ku Chitipa, bola kutali. Ndinavala jekete langa la paukwati (mabatani sankakumananso, koma jekete ndi jekete) nkuuyatsa ulendo.

Ndinapeza jenereta ikubangula panja, m'kalasi mutadzaza aphunzitsi a sukulu zonse za kuno kunyanja. A hedimasitala anati ndidikire mpaka nthawi ya tiyi, ndiye ndinakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Kutsogolo kunali mayi wina wa magalasi, ndipo patebulo panali chimene ankati kompyuta. Kanali koyamba kuchiona. Chili ngati TV, koma mulibe mpira, mulibe nyimbo.

Pagalasi lakelo panali thabwa lojambula, litasanjikidwa pa kamwala. Mbali ina chibokosi chachikulu, mbali ina kabokosi kakang'ono. Mayi aja ankaitana aphunzitsi mmodzimmodzi kuti asunthe mabokosiwo ndi kachinthu kogwira m'manja. Akakankhira kakang'onoko kumapeto kwa thabwa, chachikulu chija nkumakwera m'mwamba. Anthu akuluakulu a ndevu zawo nkumawomba m'manja.

"Mwana asamangoloweza," ankatero mayiwo. "Asunthe yekha, aone chimene chichitike, ndiye mumufunse chifukwa chake."

Mphunzitsi wina wachikulire anakweza mkono. "Nanga ife kwathu kopanda magetsi, madamu, tizisuntha chiyani?"

"Tifikako, aphunzitsi."

Ine ndinafuna kungong'ung'udza chamumtima, koma pakamwa panga sipadziwa kunong'ona. "Bodza."

Kalasi yonse inatembenuka. Lameki anabisa nkhope m'kope.

"Mwati chiyani, bambo?" anafunsa mayi aja.

"Ndati bodza. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma ndanyamula matumba moyo wanga wonse. Chaching'ono sichinganyamule chachikulu. Chikompyuta chanucho mwachiuza zochita."

Nthawi yomweyo jenereta inatsokomola kawiri nkuzima. Petulo watha. Ndinati ehe, ngakhale jenereta yachita manyazi. Koma mayi aja anangomwetulira (mukaona munthu wophunzira akumwetulira pamene zinthu zamuvuta, thawani).

"Zathandiza," anatero. "Aphunzitsi, funso lanu lija yankho lake lili panja. Bambo, tiyeni mukatigwire bodza."

Panja anatenga chithabwa chachitali chimene chinkadikira denga la kalasi yatsopano. Anagoneka mgolo pansi, nkuutsekera ndi njerwa uku ndi uku kuti usagubuduke, thabwa lija pamwamba, mbali ina yaifupi ina yaitali. Ana a pansi pa mitengo anasiya makalasi awo. Amayi a pamjigo anabwera ndi ndowa zawo zomwe.

"Tikufuna munthu wolemera kuposa onse," anatero mayiwo. Maso onse kwa ine. Sindinakane, thupi ndinali nalo. Ndinakhala kumbali yaifupi, thabwa linagunda pansi ngati lamva ulemu.

"Tsopano wopepuka kuposa onse." Maso onse kwa Lameki.

"Pepani madamu, sindingathe," anatero iye. "Awa ndi... awa ndi..."

"Ndi ndani anu?"

"Sindine chilichonse chake," ndinayankha ine. "Khala apo iwe, anthu aone."

Anakwera nkukhala pafupi ndi mgolo, timiyendo tili lendelende. Ine osagwedezeka. Ndinaseka mpaka misozi, ndikuyang'ana anthu kuti mwamuona munthu wofuna banja?

"Sunthirani kumbuyo, aphunzitsi," anatero mayi aja.

Anasunthira pang'ono. "Pepani bambo." Anasunthiranso. "Pepani bambo." Kusuntha kulikonse ndi pepani wake. Atayandikira kumapeto ndinamva thabwa likupepuka pansi panga. Ndinakanikiza matako, ndinagwira mpweya kuti mwina ndilemereko. Sizinathandize. Mapazi anasiyana ndi dothi, patapata imodzi inatsala pansi, ine ndili m'mwamba ngati mbendera.

Kukwerako ndikanapirira. Chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti anandisiya komweko. Mayi aja anayamba kuphunzitsa ngati pathabwapo palibe munthu wa ana ake asanu.

"Taonani, katundu wathu ali apa," akuloza ine. "Mphamvu ili apo," akuloza Lameki. Ine katundu, iye mphamvu. Kenako anapereka chingwe kuti aphunzitsi ayeze kuchokera pa katundu kukafika pamgolo. Anayeza. Wina anati sanaone bwino, anayezanso. Wachikulire wa funso uja ankangogwedeza mutu, akuti izi ndiye tingathe kwathu, matabwa alipo, anthu onenepa aliponso. Ana ankagubuduka pansi ndi phwete. Ndili m'mwambamo ndinaona bwino gulu la amayi a pamjigo, ndipo pakati pawo panali Esinati, ndowa pamutu, dzanja pakamwa.

Apa ndiye magazi anawira. Ndinayang'ana kumapeto kwa thabwa, kamnyamata kali phee, maso pansi.

"Iwe Lameki."

Iye anangoweramitsa mutu.

"Ndikulankhula ndi iwe. Kwanu anakuphunzitsa kuti wamkulu akakuitana uzingokhala pampando ngati bwana?"

Tsopano, zoipa za Lameki ndinganene zambiri, koma mwambo anamuphunzitsa. Mwana woleredwa bwino akaitanidwa ndi wamkulu amadzuka nkudzagwada. Mayi a magalasi anakuwa kuti musadzuke, koma Lameki anali atadzuka kale.

Sindikumbuka kutsika. Ndikukumbuka kufika. Thabwa linamenya pansi, ine ndinamenya thabwa, kafupa kakumapeto kwa msana kanalira ngati nkhuni youma. Ndinaluma lilime, jekete linang'ambika kumsana kuyambira m'khosi. Nditatsegula maso ndinapeza Lameki atagwada pambali panga, manja pamodzi.

"Wawa bambo, mumandiitana?"

Ndikanakhala ndi mphamvu, bwenzi nkhani ino ndikulembera kundende.

Komabe chimene ndinabwerera sindinaiwale. Ndili chigonere m'fumbimo ndinakodola mayi aja. "Mayi, ine ndinadzera munthu uyu. Musamutseni. Mwaona nokha, ndi chigawenga."

"Ameneyu? Ameneyu ndi amene tikumusiya kuno kuti aziphunzitsa anzake a sukulu zina. Wamvetsa msanga." Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi. "Lembani ichi: kusukulu kwanu muzigwiritsa ntchito matumba a mchenga, osati makolo." Ndipo analembadi, ndinawaona.

Kuyenda sindinathe, kukhala sindinathe. Anandigoneka chafufumimba pakaliyala ya njinga, mutu uku miyendo uku. Wokankha njingayo mumchenga mpaka kunyumba, mukuganiza anali ndani? Ndinamuuza kuti adzere kuseri kwa minda. Iye akuti kumeneko kuli mabampu, mupweteka bambo. Ndiye tinadutsa pamsika penipeni, pamene asodzi anzanga ankasewera bawo.

"Aphunzitsi, nyanja youma chonchi, mlamba waukulu chotere mwaupeza kuti?"

"Mukaugulitsa wonse kapena mudula?"

Lameki thukuta lili kamukamu, akungokankha. Sanaime ngakhale kamodzi. Chimenechonso chinandikwiyitsa.

Mayi ake Esinati anandithowa ndi madzi otentha, akunjenjemera mapewa. Ndinati mukuseka chiyani? Akuti ndi utsi.

Sabata yomweyo ankhoswe a kwa Lameki anabwera. Anakhala pakhonde langa, pamipando yanga, ine ndili m'nyumba chafufumimba pamphasa, ndikumva zonse. Atafika poti tsiku likhale liti, ndinakuwa kuti ine sindinavomere. Kunja kunamveka mawu a alamu anga: "Gonani alamu. Katundu salankhula."

Anakwatirana mpunga utakololedwa. Nyumba yawo ili kuseri kwa yanga, ndipo Esinati sanagonepo ndi njala, zimenezo ndivomere ngakhale zikundiwawa. Koma kuti chikompyuta chija chinanena zoona, ayi. Thabwa lija linali lopindika, ndipo tsiku limenelo ndinali ndisanadye. Mdzukulu wanga atabwera kuchokera kusukulu nkumati agogo, tiyeni ndikunyamuleni, ndinamuthamangitsa ndi tsache.

Chimene ndinaphunzirapo nchimodzi chokha. Kukalipa sindinasiye, Lameki ndimamukalipirabe. Kungoti masiku ano ndisanamuitane, ndimayamba ndaona kaye chimene wakhalira.