Mawu Awiri a Aphunzitsi a Taukiei

Pa chilumba chathu ku Tuvalu aliyense ankadziwa matenda a aphunzitsi a Taukiei: mawu awiri a Chingerezi, "can" ndi "may". Loyambalo, iwo ankati, limanena za mphamvu zako, lachiwirilo ndiye lopemphera chilolezo. Ukasokoneza, waziputa.

Melitiana, amene anaphunzira m'kalasi mwawo n'kudzakhala woyandikana nawo nyumba, sankaiwala tsiku limene mkodzo unamupana.

"Can I go, aphunzitsi?"

"Kutha ungathe, mwana iwe, miyendo uli nayo. Koma wakulola ndani?"

Pomwe ankakumbukira "may", pansi panali patanyowa kale.

Ngakhale pofunsira mbeta, aphunzitsi anafuna kudzionetsera. Anaima pamaso pa bambo a mtsikanayo n'kuyamba, "May I..." Mkuluyo Chingerezi sankachimva. "Meyi? Chabwino, ukwati mu Meyi." Apo n'kuti uli mwezi wa Juni. Aphunzitsi anadikira pafupifupi chaka chathunthu, kuopa kuwongolera apongozi.

Nyanja itayamba kutumphukira m'dimba lawo la pulaka, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, Melitiana anawapeza ali m'madzi olekeza m'maondo, akuloza madziwo ndi ndodo.

"You may not!"

"Aphunzitsi, nyanjatu sinapite kusukulu."

"Ndiye vuto lake limenelo!"

Pulaka yense anaola ndi mchere.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anawaitana ku Auckland, mzinda wa dziko lina kumene iye ankakhala. Aphunzitsi anapempha boma la dzikolo chilolezo chokakhala kumeneko, m'Chingerezi chosalala ngati mafuta a kokonati. Anawakaniza: akalamba, komanso ali ndi shuga. Anapemphanso. Anawakanizanso.

"Kapena munasokoneza mawu aja," Melitiana anayesa kuwaseketsa.

Sanaseke. "Ayi, mwanangu. Ine ndinkakuuzani kuti ukapempha bwino amakulola. Sizili choncho."

Kuyambira pamenepo analeka kuwongolera anthu. Ana ankadutsa dala pakhonde pawo akuphwanya Chingerezi mokweza kuti mwina awakalipire, koma iwo maso ali kunyanja basi. Anamwalira katundu ali womangamanga, mdzukulu wawo wa ku Auckland osamuonapo.

Lero m'nyumba mwawo mukugona nkhumba. Kusukulu kwatsala ana owerengeka, ndipo nawonso akuphunzira Chingerezi kuti adzathawe. Melitiana ankapita kumanda kukaunjika miyala kuzungulira pamene anagona aphunzitsi, poti nyanja ikadzaza imafika mpaka pamtanda. Mwezi watha anapeza miyala yonse itakokoloka. Anangokhala pansi pamchenga wonyowawo, ndipo sanatolenso ngakhale umodzi.