Nsapato ya Marcia ndi Nthiwatiwa

Inu, tamverani kuno, poti minibasi ikuchedwa ndi kale. Mukandiona ndikukoka mwendo chonchi musamati ndi nyamakazi ayi, ndi mphatso imene ndinabwera nayo kuchokera ku zuu, kuja amasungirako nyama zakutchire. Ine ndine Nasoni, telala wa pakhonde pa Chinakanaka pompano, ndipo ondidziwa akuuzani kuti si ine munthu wa maulendo. Wandipalamulira zonsezi ndi mlamu wanga Americo, mchimwene wa mkazi wanga, amene amakhala ku Milange.

Anabwera tsiku lina foni itadzadza zithunzi. Apa ana ake aima ndi mkango kumbuyo, apa ali ndi njovu, akuti ku Maputo. Atamaliza kutionetsa anandiyang'ana n'kuti, "Kunyado, mlamu wanga, nanga kamwana kanuka kanaonapo chiyani padziko pano kupatula mashini osokera ndi mbuzi za aneba?"

Mkazi wanga Eufemia anaseka. Kuseka kwa m'mphuno kuja, kopweteka kuposa mbama. Ine magazi anakwera. Ndinati, "Loweruka lomwe lino Marcia akaona nyama. Nafenso kuno zilipo!"

Ndinali nditamva kuti mkulu wina anatsegula malo osungirako nyama zakutchire pafamu yake, kuseri kwa Chonde. Marcia wathuyo ali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndipo mawu amene amawadziwa bwino ndi atatu: "ayi", "changa" ndi "kokoliko". Ndinamugulira nsapato zatsopano, zija zoyaka magetsi kuchidendene akaponda. Ine ndinavala suti yotuwa yosoka ndekha, mabatani ake onyezimira ngati a mkulu wa asilikali. Ndinati nyamazo zidziwe kuti kwabwera anthu.

Tafika pageti, tapeza chikwangwani: osalowa ndi zakudya, kantini ili m'kati. Ine kantini? Ndili ndi nthochi za kumunda kwanga ndi mazira amene ndinatola pambale kunyumba? Ndinazembera kuseri kwa mtengo, nthochi m'thumba la kumanja, mazira m'thumba la kumanzere, jekete n'kumanga mabatani.

"Bambo a Marcia, mutichititsa manyazi," anatero Eufemia.

"Manyazi sakhutitsa, mayi. Tiyeni."

Pageti panali bambo wina wamtali, wovala ovololo yobiriwira, dzina lake Pilato, woyang'anira nyamazo. Anati, "Takulandirani, bwana. Ndikuperekezeni kuti ndizikufotokozerani?"

"Achimwene," ndinatero ine, "ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje. Anyani ndinakula nawo. Pumulani."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine tsiku limenelo ndinadya phula ndi njuchi zomwe.

Tinayambira kwa mbidzi. Ndinanyamula Marcia m'mwamba. "Taona, mwanangu, mbidzi iyo! Taona mizere!" Mwana osayang'anako n'komwe. Maso ake anali pa tambala wina wa a Pilato amene ankapalasa pansi pa mpanda. "Kokoliko!" Ndinamutembenuza mutu ndi dzanja, iye n'kubweza. Tinapita kwa nungu, "Kokoliko!" Kwa fisi, amene anali mtulo ngati waledzera, "Kokoliko!" Inu, ulendo wonse uja, kudzuka m'mamawa, kupanikizana m'minibasi, kudzaona tambala? Kunyumba ndasiya atambala atatu, wina ngwamkulu kuposa ameneyo!

Ndiye kunali apusi. Iwo aja sanali m'khola, ankangoyendayenda m'mitengo ngati eni famu. Wina wamkulu anatsika, nakhala panjira, n'kumandiyang'ana kuthumba. Ndinati, "Musaope, awa ndimawadziwa. Ukangowayang'ana m'maso amathawa." Ndinamutong'olera maso. Iye ananditong'oleranso. Ndili m'kati mwa mpikisanowo, mnzake anadzera kumbuyo, dzanja m'thumba, nthochi zonse psiti! Ine pofuna kuteteza zotsala ndinamenya thumba la kumanzere ndi chikhatho, phwa!

Ndinamva kuzizira kukutsika ndi ntchafu.

Eufemia anandiyang'ana. "Mazirawo munatenga pambale iti?"

"Yofiira."

"Ophika anali pambale yoyera."

Ndinangopukuta dzanja pa udzu n'kumayenda, ntchentche zikundiperekeza ngati mfumu.

Kenako tinafika padziwe la ng'ona. Inali itagona pamchenga, yosagwedezeka, fumbi lili mbuu pamsana. Pofuna kubweza ulemu wanga ndinalankhula mokweza kuti onse amve: "Apa atinamiza! Iyi ndi ya simenti. Ng'ona yeniyeni ndimaidziwa ine, ndinaiona mumtsinje wa Ruo." Ndisanatseke pakamwa, simenti ija inayasamula. Inu, mano! Mzere wake ngati macheka. Ndinapezeka ndili kumbuyo kwa Eufemia, osadziwa kuti ndafikako bwanji.

"Mukutani kumbuyo kwanga?"

"Ndikuona ngati chitenje chanu chamangika bwino."

Apa n'kuti Marcia atatopa, ndipo mwana akatopa amasanduka boma. Anafuna kutsika, ndamutsitsa, akufuna kunyamulidwa. Ndamunyamula, akulira. Tikudutsa mpanda wina wautali wa waya, anavula nsapato imodzi n'kuiponya m'kati, ng'ani ng'ani ikuyaka m'mwamba, n'kukagwera pa udzu. Atatero analoza nsapatoyo n'kuyamba kukuwa, "Changa! Changa!"

"Kaitaneni bambo aja a pageti," anatero Eufemia.

Ine kukapempha thandizo kwa munthu amene ndinamuuza kuti apumule? Ndili ndi dzira mpaka m'sokosi? Ndinasuzumira m'kholamo. Munalibe kanthu, udzu basi ndi mtengo umodzi wa mango pakati. Ndinati, "Khola ili n'lopanda mwini. Mphindi imodzi." Ndinapereka mwana kwa mayi ake, n'kukwera waya, n'kudumphira m'kati.

Chakudza sichiimba ng'oma, abale. Ndikuwerama kuti nditole nsapato, ndinaona chithunzithunzi chikundiphimba. Kukweza mutu, ndinaona miyendo. Ndinakwezabe, miyendo ikupitirira. Pamwamba pake thupi ngati thumba la makala, kenako khosi lalitali ngati mpope, ndipo kumapeto kwake kamutu kakang'ono ka maso aakulu, kakuyang'ana mabatani anga. Nthiwatiwa!

Ndinati, "Pepani, mayi." Sindikudziwa chifukwa chake, zinangotuluka.

Inajompha batani loyamba, tho! Lachiwiri, tho! Ine liwiro! Amati mbalame imeneyi imathamanga kuposa njinga yamoto, koma tsiku limenelo inakumana ndi telala wa pa Chinakanaka. Mtengo wa mango uja ndinaukwera osaugwira. Ndinangopezeka ndili panthambi, iyo ili pansi ikuzungulira, nthawi ndi nthawi n'kutalikitsa khosi kudzalawa chidendene changa.

Mwatsoka, nthawi yomweyo panafika ana asukulu odzadza basi, ndi aphunzitsi awo. Onse anaunjikana pawaya. Kamtsikana kena kanafunsa, "Madamu, nanga icho chili mumtengocho n'chiyani?" Aphunzitsiwo anati, "Musaloze, ndi munthu." Anzake ankalemba m'makope.

Ndili pomwepo ndinamva mawu a Eufemia, ndipo sanali mawu oseka. "Marcia! Marcia ali kuti? Bambo a Marcia, mwana!"

Anali atamuika pansi kuti athamange kukaitana a Pilato, ndipo m'chipwirikiti cha ana asukulu chija mwana anasowa. Inu, za nthabwala zinathera pomwepo. Ndinaimirira panthambi n'kumwaza maso famu yonse. Ndipo ndinamuona: kadiresi kachikasu, phazi limodzi likuyaka, linalo lopanda kanthu, kakudzandira kutsetsereka ndi kanjira kopita kudziwe la ng'ona.

Za nthiwatiwa sindinazikumbukenso. Ndinadumpha kuchoka mumtengo, bondo n'kulira khwa, koma sindinaime. Mbalame ija inali pambuyo panga, ndikumva mapazi ake di di di. Ndinaulukira pawaya, ndinamva kweee kumbuyo, ndinagwera kunja, n'kudzuka, n'kuthamanga ndikukuwa dzina la mwana wanga ngati wamisala. Ndinamupeza atagwira waya wa padziwe ndi timanja tonse tiwiri. Ndinamukwatula n'kumukumbatira, mwakuti anayamba kundimenya kumaso.

"Kokoliko!" anatero mokwiya, akuloza tambala uja, amene ankayenda mwaulemu m'mbali mwa mpanda. Ndi amene ankamutsatira.

A Pilato anafika akupuma wefuwefu, Eufemia ali pambuyo misozi ili chuchuchu. Mkazi wangayo anandilanda mwana n'kumuyang'ana paliponse, zala, makutu, ngati ng'ona ikanaba khutu mobisa.

"Musadandaule, mayi," anatero a Pilato. "Apa pali mawaya awiri, ngakhale khoswe sadutsa. Koma bwana, mwathamanga! Zaka zonse ndagwira pano sindinaone munthu akuisiya m'mbuyo mbalame ija."

Eufemia anapukuta misozi n'kundiyang'ana mwa mtundu wina, mmene ankandiyang'anira tili pachibwenzi. Anati, "Mwachita chamuna, bambo a Marcia." Ine chifuwa chinakula. Ndinatembenuka kuti ana asukulu aja aone ngwazi.

Ana onse anaphulika kuseka. Aphunzitsi anaphimba kumaso ndi kope. Apo m'pamene ndinamva kamphepo ka m'phiri kakundipepesa malo amene mphepo siyenera kufika. Mbuyo yonse ya thalauza inali itatsala pawaya, ikukupiza ngati mbendera. Paja amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Wanga anathera pa zuu.

Eufemia anamasula chitenje chake cha maluwa ofiira n'kundimanga m'chiuno, mapewa okha akugwedezeka. Pamwamba jekete ya mabatani awiri, pansi maluwa, pakati dzira. Telala wathunthu!

Ndinasonkhanitsa kaulemu kamene kanatsala n'kunena kuti, "A Pilato, chonde, tatitengereniko nsapato ya mwanayu tizipita."

Anapita kukhola kuja, ife tikutsatira. Anayang'ana pa udzu, anayang'ana pansi pa mango, palibe. Kenako anayang'ana nthiwatiwa. Pakati pa khosi lake lalitali lija panali chotupa, chikutsika pang'onopang'ono, ndipo ndikulumbira pamaso pa Mulungu, chinkaphethira ng'ani, ng'ani.

A Pilato anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Bwana, mudzabwere Lachinayi. Nthawi zambiri zimatuluka. Koma za magetsiwo sindikulonjeza."