Nyumba Yamatayala ya Apongozi Anga

Ku Kaporo kuno kunalibe munthu wodziwa kutsanzika ngati apongozi anga aamuna. Ankatsanzika pamsika, ankatsanzika kudibi ng'ombe zikusamba, ankatsanzika ngakhale pamaliro a eni ake. Mukawapatsa moni yankho linali limodzi: "Ndadzuka, koma mundionetsetse, mwezi wamawa kuno kulibe ine." Ankati adzayenda Malawi yense mpaka ku Nsanje. Ine ndinakwatiwa iwo akutsanzika, ndinabereka ana anayi akutsanzikabe.

Dzina lawo musandifunse. Kwathu ndi ku Uliwa, koma ndinakwatiwa kwa Ankhonde, ndipo kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, satchula dzina la apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, salowa m'nyumba imene iwo amagonamo. Mukakumana panjira umapatukira kutchire, nsalu kumutu. Tsoka langa ndi lakuti chinthu chimene ndikufuna kusimba pano chinadzasanduka dzina lawo, moti nachonso sichituluka pakamwa panga. Ndichilemba kamodzi kokha, poti kulemba si kutchula: kalavani. Kuyambira apa ndizingoti nyumba yamatayala, monga ndakhala ndikunenera zaka zonsezi.

Poti sitinkalankhulana, anali ndi ng'ombe yawo yapangolo, yakuda, dzina lake Kapitawo. Akafuna kundiuza kanthu ankaima kuseri kwa khola n'kukweza mawu: "Kapitawo, ndiwo zadzulo zija mchere unachepa. Sindikudandaula, ndikungokuuza iwe." Ine ndinkayankhira kwa mlamu wanga Keziya, mwana wawo wamkazi, mokwezanso: "Keziya, mchere wakwera mtengo kusitolo." Tinkamvana bwino kuposa anthu ambiri oyang'anana m'maso.

Amuna anga, a Kenan, anali mphunzitsi. Atamwalira, nyumba yasukulu inafunika kwa mphunzitsi wina, ndipo ndinabwera kumudzi ndi ana mvula itayamba kale. Tinkagona m'khitchini mwa Keziya. Tsiku la msonkhano wa banja ndinakhala kuseri kwa mpanda wabango, ndipo a Gideon, ang'ono awo a malemu, sanazungulire.

"Alamu, nkhani ndi yaifupi. Ng'ombe za malowolo zinapita kwanu, ana ndi athu. Mulowe m'nyumba mwanga monga mwa mwambo, kapena mubwerere ku Uliwa nokha."

A Gideon anali ndi mkazi kale. Ine ndine wa Umanyano, bungwe la amayi a mumpingo. Kulowa mitala kunali kuvula yunifomu yampingo ndi kusiya Mgonero. Kubwerera kwathu kunali kusiya Manase, Febby ndi tiwiri tating'ono. Ndinapemphera chamumtima.

Kenaka ndinamva apongozi akutsokomola.

"Mlandu uwu ndi waukulu, ndipo woweruza ndine. Ndidzauweruza ndikabwerako ku ulendo."

"Ulendo uti, tata?" anafunsa a Gideon.

"Womwe uja. Nyumba yanga aziiyang'anira mkamwana ndi ana, chiswe chingandidyere zitseko. Chandichedwetsa n'chokwera."

"Basi ilipo, imadutsa pamsewu pomwepa."

"Basi imakutsitsa pamene yafuna iyo. Ine ndikufuna choyenda ndi bedi langa."

Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. A Gideon anati chabwino, adikira, poti ankadziwa kuti mkuluyo sangapitirire ngakhale pamlatho wa pamudzi pomwepa.

Nthawi imeneyo anthu okonza msewu ankapasula msasa wawo cha kufupi ndi ku Boma, ndipo nyumba zamatayala zimene ankagonamo akuluakulu antchito zinali kugulitsidwa. Apongozi anamanga ng'ombe ziwiri pagoli, Keziya akukusa thole lakuti akasinthanitse. Akutuluka anati: "Kapitawo, kosankha nyumba kumafunika maso a munthu amene anakhalapo m'nyumba za boma." Ndinamva. Ndinatenga nsalu yanga n'kumatsatira patali.

Wogulitsa anali kalaliki wa ku Ntcheu, a Gray, mnyamata wa tayi. Atandiona ndikubisala kuseri kwa mgolo wa phula anadabwa.

"Madala, mayi awo alakwa chiyani?"

"Mayi ati? Ine sindikuona munthu."

Keziya anafotokoza, a Gray n'kugwira pakamwa. "Kwathu wothawa apongozi ndi mkamwini. Kuno zinatembenuka?"

"Kwanu ndiye zinatembenuka," anatero apongozi. "Tionetse katundu."

Yoyamba inali yaikulu, yoyera, mazenera mbali zonse. A Gray anaisisita ngati ng'ombe yamkaka. "Iyi munkagona injiniya wamkulu. Mukakhala pakati apa mumaona kum'mawa, kumadzulo, kulikonse."

"Kulikonse?"

"Kulikonse, madala."

"Ndiye ya amisala imeneyo. Munthu waulemu amakhala ndi mbali imene saona."

Yachiwiri anaikonda. Anagona pabedi, anadzuka, anagonanso chammbali. Anagogoda makoma, ananunkhiza denga. Kenaka anatsegula kachitseko kapakona.

"Umu ndiye mosungira mpunga?"

"Chimbudzi, madala."

Kunja kuno ndinangomva phazi likugunda masitepe. Anatuluka chisoti chili m'manja.

"Keziya! Munthu adye apa, agone apa, adzithandize apa? Ndiye anthu amenewa atikonzera msewu? N'chifukwa chake uli wokhotakhota!"

Ng'ombe zinadzidzimuka n'kuyamba kukoka goli. Apongozi anakuwa: "Kapitawo, chitsiru iwe, ima pomwepo!" Tsoka ilo, kapitawo weniweni wa pamsasapo, bambo wamimba, ankadutsa ndi kapu ya tiyi. Anaima ndithu. Anafunsa ngati mdalayo ali ndi khadi la chipani, ndipo kuti chitsiru akunena ndani. Khadi linatuluka m'chisoti, ng'ombe inaonetsedwa, koma bamboyo anachoka akuyang'anabe m'mbuyo.

Kumapeto kwa msasa, pafupi ndi mulu wa matayala akutha, kunali ina yobiriwira yosuluka, mmene ankasungiramo mafosholo. Chitseko ndi zenera lake limodzi zinali mbali imodzi; kumbuyo kunali lata lokhalokha.

"Iyo musavutike nayo," anatero a Gray. "Ilibe bedi, ilibe kabati, masana imatentha ngati uvuni."

Apongozi anaizungulira. Anayeza kutalika kwake kuchoka pansi, inawafika m'chiuno. Anagwedeza mutu: kwathu madzi akasefukira safunsa.

"Imakokedwa ndi chiyani?"

"Landirova."

"Landirova imadya chiyani?"

"Petulo."

"Zanga zimadya udzu. Kapitawo, wamaso uja aone ngati ikudontha."

Anapita kukaima kutali atatembenuka. Ndinasuzumira pakhomo, ndinaona kuwala kukulowa patimabowo ta padenga. "Keziya," ndinatero, "ikudontha, koma phula lili m'migolomu lingatseke. Koma ndi yopanikiza, si ya munthu wamkulu. Yachiwiri ija ndiye yabwino, kachipinda kaja angakhomere misomali."

"Kapitawo," anayankha ali chitembenukire, "yachiwiri ija ili ndi zenera kumbuyo. Ukauze anthu kuti ndasankha."

Anasiya thole, a Gray anawonjezera chitini cha phula chaulere, ndipo tinabwerera. Matayala analira njira yonse ngati nkhumba yomangidwa, ana a m'midzi akutithamangira. Dzina lija linayambira tsiku limenelo.

Kutsanzika kwa ulendo uno kunali kwenikweni. Lamulungu anaimirira m'tchalitchi, poti anali mkulu wa mpingo, abusa anawapempherera za ngozi zapamsewu. Amayi anabweretsa nthochi, mpunga, nsomba zouma. Wina anawatuma kuti akapereke moni kwa mwana wake ku Limbe. M'mawa mwake apongozi anakweza mphasa, Baibulo, mpando ndi nkhuku zitatu. Anapereka kiyi wa nyumba kwa Manase, nati kwa ng'ombe, "Tiyeni."

Anadutsa khola. Anadutsa nthochi. Atafika pamtengo wa mango umene uli pamalire a munda wathu ndi wa a Gideon, anamasula goli.

"Ng'ombe zatopa," anauza anthu operekeza. "Ulendo wautali sufuna phuma."

Anaiimika chitseko chitaloza kwa a Gideon, msana walata utaloza kwa ine. Madzulo omwewo ndinalowetsa ana m'nyumba yanjerwa.

Patapita masabata angapo a Gideon anapita pamangopo, ine ndikumvera m'munda.

"Tata, poti mwabwerera, tiyeni tikambe mlandu uja."

"Ndabwerera? Ukundiona ndili m'nyumba mwanga?"

"Koma simunapite kulikonse!"

"Pano ndi pakhomo panga?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye ndili paulendo. Wapaulendo saweruza milandu. Ukapereke moni kunyumba."

Poti anali mkulu wa mpingo, bodza ankaliopa. Choncho chaka chilichonse tikakolola mpunga ankamanga ng'ombe n'kusuntha pang'ono, kuchoka pamango kufika pachulu, kuchoka pachulu kufika pamgwalangwa, ndipo chaka chilichonse ankatsanzikanso m'tchalitchi. Abusa atatu osiyana anawapempherera za ngozi zapamsewu. Mayi uja wa mwana wa ku Limbe akafunsa za moni wake, ankati, "Ndausunga bwino, sunawonongeke." Anyamata a chipani atabwera kudzatenga anthu okakonza bwalo la msonkhano, anawayankha pazenera kuti iwo ndi mlendo wongodutsa, afunse eni mudzi. Keziya ankanditengera chakudya chawo, ndipo mbale zikabwerera ndinkamva kuchokera kutali kuti Kapitawo wauzidwa zotani za mchere.

Chaka china madzi anabwera masana dzuwa likuwala, mvula itagwa kumapiri. Tinangoona mpunga ukumira, kenaka madzi ali pakhonde, kenaka m'nyumba. Manase anali kusekondale. Ndinabereka wamng'ono, enawo ndawagwira manja, osadziwa kolowera. Ndipo ndinamva mawu aja pamwamba pa mkokomo.

"Kapitawo! Ine ndatsika, ndikuona za kumpoto. Muli anthu ofuna pouma alowe msanga!"

Anali ataima m'madzi ofika m'ntchafu, atagwira mgwalangwa, nkhope kumpoto. Ndinakweza ana. Ndinaima pamasitepe, mwambo ukundikoka nsalu.

"Kapitawo, Mulungu analenga madzi asanalenge mwambo. Alowe!"

Ndinalowa. Aka kanali koyamba kuona mmene ankakhalira. Mphasa sinkatambasuka yonse, inkapindikira kukhoma. Phula lija linali litasungunuka kalekale n'kudonthera pansi, ndipo pansi pa bowo lililonse panali kachitini. Ngakhale tsiku lamadzi limenelo lata linkatentha ukaligwira. Munthu wa nyumba yanjerwa ya zipinda zitatu, imene anaimanga ndi thukuta la ku migodi ya ku Tanganyika, ankagona atapinda miyendo kuti ine ndizigona chotambalala. Ana ankaseka, akuti tsopano nafenso tili paulendo. Ine ndinayang'ana kukhoma lopanda zenera lija kuti asaone nkhope yanga.

Iwo anaima m'madzimo mpaka anthu anabwera ndi bwato. Anakana kukwera mpaka ng'ombe zitakwezedwa pachulu.

Mlandu uja sunaweruzidwe. Manase anakula, anayamba ntchito ku Boma, anakwatira, ndipo palibenso amene akanauza mayi wa mwamuna wamkulu kuti abwerere kwawo. Febby ndi namwino. A Gideon anakalamba, anakhala munthu wofatsa. Masiku ano amabwera kudzamwa tiyi, ndipo pamaliro a bambo awo ndi iwo amene anaseketsa anthu ponena kuti mdalayo anawadyera mkazi ndi matayala anayi akuphwa.

Anamwalira chaka chathachi, mpunga utangopsa, nyumbayo ili pafupi ndi njira ya kuchitsime. Keziya ndiye anawapeza m'mawa, atapinda miyendo monga mwa masiku onse. Nyumbayo tinaisiya pomwepo, nkhuku zikuikira pansi pake.

Tsopano ndikhoza kuyenda pamudzi pano mutu uli poyera. Ndikhoza kudutsa njira iliyonse, kuyang'ana kulikonse, kuitana mwana mokweza. Sindinazolowere. Pamudzi pakula kwambiri, ndipo maso anga sadziwa pogwera.

Tsiku lina kamdzukulu kanga, ka Manase, kanandifunsa kuti agogo aja ankaoneka bwanji, poti chithunzi sanajambulitsepo. Anthu amati anali ndi mpata kumano, ndipo akaseka diso limodzi linkatsinzina. Ine zimenezo ndimangomva. Chimene ndinkaona pansi pa nsalu yanga ndi mapazi: zidendene zong'aluka ngati dambo la mwezi wa Okutobala, chala chachikulu chakumanzere chopanda chikhadabo, ndi kayendedwe kotaya phazi kunja. Ndinamuuza mwanayo zimenezo, iye n'kuseka, akuti agogo simukuwadziwa.

Abusa amatiphunzitsa kuti kumwamba tidzaonana maso ndi maso. Ine ndimathokoza Mulungu, koma sindidziwa ngati ndidzalimba mtima. Ndidzayamba ndayang'ana pansi, ndipo m'khamu lonselo sindidzawasowa.