Mfuti ya alamu, paipi yanga ya kopa

Ndiyambe ndi kutsutsa bodza limene likuyenda m'magulu a WhatsApp. Ine sindinamangidwe. Ndinangogonekedwa chafufumimba pakapeti ya m'nyumba mwanga momwe, manja kumsana, apongozi akuonerera. Zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene zikumuvuta kusiyanitsa abwere tikambirane.

Ntchito yanga kuno ku Glasgow ndi yokonza maboyila, makina aja otenthetsa madzi ndi nyumba. Eni dziko munthu wotere amamutcha injiniya, ndipo pavani yanga palembedwa choncho ndi zilembo zikuluzikulu. Ndiye pamene ndinkafunsira mayi a Tadala, akwawo ku Zomba atafunsa kuti mwamunayo amagwira ntchito yanji, ndinati injiniya. Bodza lili pati pamenepa? Kuti iwo anamva ngati ndimamanga milatho, imeneyo ndi nkhani yawo. (Chabwino, tsiku lina apongozi anandifunsa za mlatho wina umene anauona pa TV, ine n'kuyankha kuti, "Eya amayi, timayesetsa." Koma amenewo ndi mayankhidwe aulemu chabe.)

Kuchokera pamenepo dzina langa lenileni linafa. Paukwati, pamaliro, pafoni, kulikonse ndinali a Injiniya. Tikapita kumudzi akamwini anzanga ankakhala pabenchi, ine pampando wa ndalema. Dzinalo ndinkalikonda, sindibisa.

Tsono Loweruka lina masana anandiimbira alamu anga a Lackson, achimwene awo aakulu a mayi a Tadala. Iwowa amayendetsa mathiraki ku America, ndipo ali ndi chiphaso choyendera ndi kamfuti kobisa m'chiuno, mkati mwa malaya. Kumeneko zimaloledwa. Kuno ku Scotland ukangopezeka nako, ukafotokozera kundende.

"Alamu, ndili ndi vuto lofunika injiniya," anatero. "Kamfuti kangaka ndikamakayeserera kamandikankha dzanja ngati bulu. Mkono wafika potupa, chiwongolero chikundivuta. Akuti zimatheka kukasintha kuti kazilowa zipolopolo zazing'onoko. Amisiri a mfuti aliko, koma ndipitirenji kwa anthu akunja pamene m'banja mwathu muli injiniya?"

Abale, ine chibadwire mfuti sindinaigwirepo. Ndimangoionera patali pamarodibuloko a kwathu. Munthu wina akanati, "Alamu, zimenezo sindikuzidziwa." Koma mawu amenewo atuluke pakamwa pa mkamwini wa pampando wa ndalema? Ayi ndithu.

"Nkhani yaing'ono imeneyo," ndinatero. "Mfuti ndi paipi basi. Ndipo mapaipi ndiye chakudya changa."

Mayi a Tadala anali kusita zovala za kutchalitchi. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Tadala, musayambe."

Ine ndinayamba. Ndinatsikira kuvani n'kubwerako ndi tizidutswa ta paipi ya kopa, chogwirira cha mpopi wakale ndi tepi yakuda. Cholinga changa chinali chabwino: kupanga chifanizo choti alamu aone ndi maso mmene paipi yaikulu imakumanirana ndi yaing'ono. Ndinamanga, ndinakulunga tepi, ndipo chimene chinatuluka, ngakhale adani anga avomereze, chinkaoneka ngati mfuti yeniyeni. Luso silibisika.

Foni ija ndinailumikiza ku TV kuti tionane bwino. Alamu ataona chinthucho anasangalala koopsa, mpaka anayamba kulowetsa abale pafonipo. "Bwerani muone a Injiniya ali pantchito!" Posakhalitsa pa TV panadzaza nkhope: azakhali a ku Ndirande, akamwini anzanga aja, ndipo pakona, atavala magalasi awo owerengera Baibulo, apongozi.

Ndinaphunzitsa, anthu inu. Ndinalankhula za mphamvu ya mpweya, za kutentha kwa chitsulo, zonse za boyila ndinazisamutsira kumfuti. Azakhali ankangoti, "Sukulu ndi yabwino." Kenako alamu anafunsa funso limene linandipha.

"Koma mukakasintha chonchi, kazibisikabe m'chiuno? Kasamatukule jekete."

Injiniya weniweni sayankha za m'mutu, amayesa. Ndinatenga jekete yanga ya Lamulungu imene mayi a Tadala anali atangoisita, ndinaivala, chinthu chija n'kuchilowetsa palamba. Abale anadandaula kuti m'nyumba muli mdima sakuona bwino (kuno dzuwa limabwera ngati mlendo wothamangira basi), ndiye ndinasendera pawindo n'kutsegula makatani onse.

Amene mukudziwa nyumba za m'dera lathu lino la Dennistoun mukudziwa kuti mawindo ake ndi aakulu ndipo amayang'anizana ndi a tsidya lina la msewu. Ine zimenezo zinali zitachoka m'mutu. Ndinayenda uku ndi uku, jekete ili bwinobwino, kenako mwadzidzidzi, solo! Pa TV m'manja munaombedwa. "Bwerezaninso, a Injiniya!" Ndinabwereza. Ndinasolola chotembenuka, ndinasolola chogwada. Ndili mkati moteremo ndinaona mayi wina wachikulire wa tsidya lija, amene ndinamukonzerapo boyila mwaulere, ataima pawindo lake ndi kachitini kothirira maluwa. Mwaulemu wanga wachimalawi ndinamukwezera dzanja kumupatsa moni. Dzanja lake linali lomwelo logwira chinthu chija.

Sipanapite nthawi yaitali. Chitseko chinagogodwa mwamtundu wina, ndipo mayi a Tadala atangotsegula, m'nyumba munadzaza apolisi ovala zakuda, mfuti zawo zosakhala za kopa. Chingerezi cha ku Glasgow ndakhala nacho zaka zambiri koma ndimachimva theka. Tsiku limenelo ndinachimva chonse. Ndisanadziwe n'komwe, tsaya linali pakapeti.

Ndili pansipo ndinakweza diso kuyang'ana pa TV. Alamu anali atadzaza sikirini yonse, pakamwa yasa, kamfuti kawo kenikeni kali m'manja. Apolisi nawo anatembenuka kuyang'ana komweko.

"Alamu, netiweki ikuvuta," anatero a Lackson, n'kuzimiririka. Munthu woyenda ndi mfuti m'chiuno, kuthawa apolisi amene ali kutsidya kwa nyanja! Koma apongozi sanasunthe. Ndinawamva akufunsa azakhali, "Kodi amenewa ndi anzawo a kuntchito?"

Wapolisi wamkulu anatola chinthu chija mosamala n'kuyamba kumatula tepi. Chogwirira cha mpopi chinagwa pansi n'kugubuduzika mpaka pamphuno panga. Anayang'ana paipi, anayang'ana ine, ndiye anandidzutsa n'kundikhazika pasofa. Anafunsa kuti ndimagwira ntchito yanji.

"Injiniya," ndinatero mokweza, kuti ku Zomba kumveke.

"Injiniya wa chiyani?"

Apa mawu ndinawatsitsa. "Wa maboyila."

"Oho, pulambala!" anatero mosangalala, ngati wapeza m'bale wake.

Mawu amenewo safuna womasulira, ngakhale ku Zomba. Komabe mayi a Tadala, popanda wowapempha, anasendera pa TV n'kumasulira.

Apolisi anandichenjeza mwaulemu kuti zoseweretsa zoterezi zikhoza kuphetsa munthu, anatenga paipi yanga n'kumapita. (Mmodzi anabwerera pakhomo kudzafunsa chifukwa chimene boyila yake imalira usiku. Ndinamuyankha bwinobwino, ndipo zimenezi palibe akuzifalitsa.) Pa TV akamwini anzanga anali atazimitsa mawu, koma mapewa awo ankagwedezeka. Mtima wanga unawawa kuposa tsaya.

Apongozi anavula magalasi.

"Bambo, ndiye kuti inu ndinu pulambala?"

"Amayi, kunoko amati..."

"Zaka zonsezi mpopi wa kubafa kwanga ukudontha, ndimachita kuumanga ndi mphira wa njinga. Inu mumabwera, mumakhala pandalema, mumadya nkhuku yanga, ine kumaopa kukuuzani poti ndinu munthu wa milatho. Kani ndinu munthu wothandiza! Mukamabwera pa Khirisimasi musaiwale sipanala."

Alamu anakapereka kamfuti kawo kwa mmisiri wa mfuti, ndipo akuti atamufotokozera nzeru zanga mmisiriyo anati zikanawadula zala. Nsanje ya pantchito imeneyo, ife amisiri timadziwana. Dzina lija ndiye linapita. Pano banja lonse, ndi ana omwe, amanditcha a Paipi, ndipo pa Khirisimasi ndinatha tsiku lonse chogwada kubafa ya apongozi, wina mwa akamwini aja atatambalala pampando wanga.

Mayi a Tadala amati ndiphunzirepo kunena kuti sindikudziwa. Ine chimene ndaphunzirapo ndi kutseka makatani. Koma mpopi uja chikonzereni sunadonthenso, ndipo amene akuti umenewo si uinjiniya akwere basi apite ku Zomba akautsegule yekha.